Wolumikiza Kuwala

Katapila wadula chingwe pa Mchesi
pomwe akukuza msewu.
Woyendetsa wati ankayesa muzu wa mtengo.
Ndiye ndili pano m'dzenje, pakati pa usiku wa Juni,
tochi pamphumi, zala zitauma ndi chisanu.
Chiletso watchinga mphepo ndi jekete lake
poti fumbi ndiye mdani:
kachitsotso kamodzi kangatseke mzinda wonse pakamwa.

Ndasenda khungu lakuda, ndasenda lachikasu,
ndafika pa mwiniwake,
ulusi wagalasi wowonda ngati tsitsi
lotsalira m'chipeso.
Ukauwona ungaseke.
Koma makina a ndalama ku City Centre angoti duu,
ndipo bwana wandiyimbira kasanu.

Kusukulu ankatiuza kuti m'kaulusi aka
mumadutsa mitundu makumi anayi ya kuwala,
pena makumi asanu ndi atatu,
uliwonse ndi funde lake,
lina lotalikirapo, lina lofupikirapo pang'ono,
uliwonse utasenza katundu wake
osagundana, osabwerekana mawu.
Sindinamve kanthu.
Ndinangoloweza kuti ndikhoze mayeso.

Ndinadzamvetsa ku Bwaila, Mwatitha atabadwa.
Chipinda chimodzi, makanda khumi ndi awiri,
onse akulira nthawi imodzi.
Ine ndinali m'tulo ta munthu wotopa ndi ululu,
phokoso lonselo linkangondidutsa,
koma kulira kumodzi kokha kunandidzutsa
ndipo bere linayankha ndisanatsegule maso.
Kumapeto kwa ulusiwu kuli khutu lotero,
kagalasi kosefa kamene kamati:
iwe pita ku Kanengo,
iwe khotera ku Likuni,
iwe tsika mpaka ukalowe pansi pa nyanja yamchere.

Makina olavula kuwalaku anawatcha leza.
Ndimaseka ndekha ndikamva.
Ife uta wa Leza tinauwona kalekale
utatsamira phiri la Bunda mvula itakata,
mitundu itagona pamodzi osasakanikirana.
Lero auwongola utawo, aukwirira m'mbali mwa ngalande,
ndipo woulumikiza ukaduka
ayenera kuleza mtima.
Usasuzumiremo, Chiletso.
Kuwala kosaoneka nakonso kumawotcha diso.

Ndapukuta ndi sipiriti,
ndadula nsonga ziwiri mowongoka.
Pa kawindo ka makina zikuyandikirana mwamanyazi
ngati abale amene anayambana pamaliro.
Kamphezi kakang'ono, phethi!
Zagwirana, chipsera sichikuoneka.
Umodzi watha.
Kwatsala makumi anayi ndi mphambu zisanu ndi ziwiri.

Akuti kukubwera ulusi wina wamphako pakati,
kuti kuwala kuzithamanga mumpweya;
wina wa mitima inayi m'thupi limodzi;
ndi makina odzipezera okha njira yolambalala
chingwe chikaduka.
Chiletso wafunsa, ndiye ife ntchito itithera?
Ndamuuza kuti asadandaule,
akatapila sanathe m'dziko muno,
ngakhalenso aja okumba usiku poyesa ndi kopa
n'kupeza galasi losagulitsika.

Kum'mawa kwayamba kufiira.
Akabaza oyamba akutsikira kudepoti,
mayi wa mandasi wayala kale beseni lake.
Ndatseka bokosi, ndaimbira a ku ofesi,
ati mitundu yonse yafika, palibe wotsala m'njira.
Pakhonde la sitolo foni ya mlonda yalira.
Wayang'ana, wavula chipewa, waseka yekha:
mwana wa ku Joni watumiza ya feteleza.

Sindidziwa kuti ndi mtundu uti wanyamula uthengawo.
Ndingodziwa kuti wadutsa pamene ndawotcherera ine,
sunapunthwe.
Mlondayo sanandiyang'ane n'komwe,
akungowona mzimayi wa fumbi m'mutu
akutuluka m'dzenje.

Tikwirire, Chiletso, tizipita.
Kwathu ku Chinsapo magetsi anazima dzulo madzulo.
Mwatitha walemba masamu ake ndi kandulo,
ndipo ndinamulonjeza kuti ndimuwonera
asanapite kusukulu.